Nsapato Zong'amba za Alamu Anga

Ine ndimasoka nsapato pageti pa fakitale yosoka mayunifomu, pansi pa kadenga kanga ka lata kobooka. Anthu amati ndine wolongolola komanso wamtima wapachala. Asiyeni anene, pakamwa ndi pawo. Lero ndikufuna ndinene za alamu anga, mkazi wa malemu achimwene, amene m'fakitalemo aliyense amawatchula kuti a Sizasi.

Dzinalo sanalitole panjira. Analowa mmenemo akadali mtsikana, akusesa tizidutswa ta nsalu, mpaka anakwera kufika patebulo lodulira. Achimwene atatisiya, ana onse anawalera ndi sizasi yomweyo. Koma ntchito yodulayo ndi yoimirira. Tebulo lake ndi lalitali, munthu amaima kuyambira belu lolowera mpaka loweruka.

Tsiku lina anandiponyera nsapato pamiyendo.

"Alamu, tang'ambani m'mbalimu."

"Kung'amba? Ine ndimasoka, mayi, sindiwononga katundu. Mutu ukuyenda bwino?"

"Inu ng'ambani basi. Kapena ndipite kwa wosoka weniweni?"

Nditayang'ana pansi, ndinaona chifukwa chake. Mapazi anali atatupa, khungu likunyezimira, akakolo osaoneka n'komwe. Ndinang'amba. Pasanapite nthawi anabweretsa zina, kenako anzawo a patebulopo nawonso anayamba kubwera.

Fakitaleyo ili ndi malamulo a zaumoyo, ndipo nthawi ndi nthawi kumabwera anesi ochokera kunja kudzaona ngati akutsatidwa. Koma mphekesera inamanga nthenje kalekale yakuti wopezeka akudwala amachotsedwa ntchito. Ndiye galimoto ya anesi ikangotulukira, mlonda ankaimba likhweru, amayi anzawo n'kuwakankhira alamu m'chipinda chosungira mabelo a nsalu, chitseko gwa! Anesi ankapeza anthu athanzi okhaokha, mano ali mbee, n'kubwerera akuyamikira. Anzawowo ankawabisa alamu chifukwa chowakonda, zimenezo sindikana. Ntchito ikanatha, ana a achimwene akanadya chiyani? Koma miyendo inkatupirabe.

Ndiye m'mawa wina kunabwera nesi watsopano, wamfupi, wamagalasi. Anabwera wapansi, choncho mlonda anamuzindikira mochedwa, likhweru lake n'kumveka nesiyo ali kale pageti. Mwamwayi lamba wa nsapato yake anaduka pomwepo. Anakhala pabenchi langa, phazi limodzi lili m'mwamba, maso ali pa mulu wa nsapato zong'ambidwa.

"Bambo, nsapato zonsezi zang'ambika malo amodzi. Eni ake ndani?"

"Makasitomala."

"Makasitomala otupa mapazi. Amagwira ntchito muno?"

Magazi anandiwira. "Tamverani, anesi. Mwabwera kudzasoketsa lamba kapena kudzalanda anthu chakudya pakamwa? Timakudziwani inu! Mukapeza wodwala, mawa lake ali panyumba akuwerenga nkhuku za aneba. Pano simumva dzina la munthu, ngakhale mundimange!"

Anthu odutsa anaima. Iye sanatekeseke, anangokonza magalasi ake.

"Mwamaliza, bambo? Ine sindidzayesa antchito. Ndimadzayesa abwana, ngati akuchita zomwe analonjeza. Analonjeza mpando ndi nthawi yopuma kwa aliyense amene thupi likumuvuta. Ndikapeza onse ali bwino, ndimapita, zinthu n'kukhala momwemo. Amene mukumubisayo mukumubisira mpando wake."

Ndinafuna kumuuza zonse pomwepo. Koma nkhani ya miyendo ya munthu ndi ya mwini wake. Ndinauza nesiyo kuti guluu aume kaye, ine n'kuzungulira kuseri kwa fakitale kumene kuli kawindo ka chipinda cha mabelo.

"Alamu! Muli moyo mmenemo?"

"Mukufuula chiyani, mukufuna mundigulitse?" anayankha akutsokomola fumbi.

Ndinawauza zonse mmene ndinazimvera.

"Nanga akakhala kuti akunama?"

"Akanama ndikagona pakhomo pa ofesi yawo mpaka atandinyamula. Koma miyendo ndi yanu, ntchito ndi yanu. Ine sindinatchule dzina."

"Alamu, ndatopa nako kukhala ngati khoswe," anatero. "Pitani mukamalize nsapato ya mlendo."

Sindinalowe nawo, koma mlonda anaona zonse. Akuti nesi ali pakati poyamikira ukhondo, chitseko cha mabelo chinatseguka, alamu n'kutuluka ulusi uli m'tsitsi, nsapato zili m'manja. Anayenda osavala mpaka pamaso pa akapitawo, n'kunena kuti, "Anesi, taonani miyendo iyi." Makina onse anaima. Kenako mayi wina wa patebulo lomwelo anavula zake. Winanso anavula.

Sabata yotsatira inali yowawa. Akapitawo sankawayankha moni, ndipo anzawo ena ankati alamu awaika pamoto. Koma nesi uja anabweranso, kenako anabweranso kachiwiri. Alamu anawatumiza kuchipatala, komwe anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi n'kuwapatsa mankhwala. Patebulo lodulira anabweretsapo mipando italiitali, ndipo pakati pa m'mawa belu limalira kuti odula akhale, akweze miyendo. Palibe amene anachotsedwa. Abwana amang'ung'udzabe kuti nsalu zikuchedwa. Ang'ung'udze, khosi ndi lawo. Fumbi la m'chipinda cha mabelo likadali momwemo, ndipo alamu akuti nkhondo yotsatira ndi imeneyo.

Dzana anandiponyeranso nsapato zija pamiyendo.

"Alamu, tasokani momwe munang'ambamo. Mapazi anaphwa, zikundivuka."

"Ng'ambani, sokani, ng'ambani, sokani! Kodi achimwene ankapirira bwanji?"

"Ankatseka pakamwa n'kugwira ntchito. Sokani msanga, belu lilira."

Ndinasoka ndi ulusi wanga wabwino uja, umene ndimabisira makasitomala aulemu wawo.