Timipira ta a Kaboni

Ana a sukulu ndi amene anawapatsa dzina loti a Kaboni, ndipo linawakakamira mpaka kunyumba. Ntchito yawo inali yotsuka mabotolo m'chipinda cha sayansi. Sukulu sanapite nayo patali, koma kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ankaumba timipira ta dongo tophunzitsira: kakuda pakati koimira kaboni, toyera tinayi toimira haidrojeni, tonse tolumikizidwa ndi mawaya.

Aphunzitsi akajambula chinthu chomwechi pabolodi, mizere iwiri inkakhala wamba, wina wonenepa kusonyeza mwendo wobwera kwa iwe, wina wodukaduka kusonyeza wopita kumbuyo. Ana ankangoona mtanda. Ndiye a Kaboni ankaika choumba chawo patebulo. Miyendo itatu pansi, umodzi kumwamba, ndipo ngakhale uchigubuduze bwanji chinkaima chimodzimodzi. Ankauza ana kuti miyendoyo ndi azilamu odana, aliyense amatalikira mnzake mofanana. Madigiri 109.5 a pakati pa miyendoyo ankawamva m'zala, osayeza.

Kenako sitiroko inawafooketsa dzanja lamanja. Atabwerera kuntchito, ahedi anati akaumba khumi ndi ziwiri zoima bwino pofika Lolemba, ndiye kuti ntchito akuithabe. Apo ayi, akapume.

Loweruka lonse anakhala pakhonde. Waya ankawapulumuka, ndipo chilichonse chimene aumba chinkagwa cham'mbali. Akazi awo, amene ndi telala, ankasuzumira pawindo makina osokera ataima. Lamlungu masana bambowo atagona, mayiwo anatenga choumba chakale, nadula katoni motsatira kupindika kwake monga amadulira kolala. Anazula mawaya pa zoumba zatsopano za bambowo dongo lisanaume, nawapindanso ndi pulayala. Zonse zinaima.

Lolemba mayiwo anawaperekeza kusukulu atanyamula bokosi. Aphunzitsi a sayansi anagubuduza chimodzichimodzi, namwetulira, nati akawauza ahedi. A Kaboni anatola chimodzi ndi dzanja lamanzere. Pa waya aliyense panali kamzere ka choko chabuluu chosokera. Mayi aja sadula kanthu asanalembe, ndipo anaiwala kupukuta.

"Aphunzitsi, izi si zanga," anatero pang'onopang'ono. "Ndi za mayi akunyumba. Nanga zikadzasweka muno, ndidzakunamizani chiyani?"

Mayiwo anangozyolika. Aphunzitsi anayesa kunena kuti palibe amene angadziwe, koma a Kaboni anali atavula kale jasi lawo loyera, akulipinda ndi dzanja limodzi.

Panjira mayi aja anadandaula kuti akanangokhala chete, bambo a ana, ndani akanafunsa. Bambowo anayenda kaye mpaka pamphambano.

"Mwapinda bwino, mayi," anatero. "Kuposa ine."

Masiku ano a Kaboni amakhala pakhonde kumvetsera makina. Pawindo pali choumba chimodzi chokhota, cha Loweruka lija, chimene akazi awo anachipeza pansi pa mpando. Chitseko chikamenyeka, choumbacho chimagwa. Mayiwo amachidzutsa, koma sachiwongola.