Injini ya Boti Kuseri kwa Chitseko Changa

Ananditumiza kukaphunzitsa ku Usisya zipani zitangochuluka kumene. Ndinali mtsikana wa ku Ntchisi, nyanja ndinkaiopa, Chitonga ndinkangomva moni yekha.

Chisankho chitayandikira, kunabwera bambo wina pa sitima, atanyamula injini ya boti yonyezimira. Anati ndi yonyamulira odwala kupita ku boma. Analankhula nthawi yaitali pabwalo la sukulu.

"Dziko lathuli silinasauke chifukwa chosowa zinthu ayi," anatero, akudzigogoda pamphumi. "Umphawi uli umu. Sinthani maganizo, zonse zitheka."

Anthu anawomba m'manja. Ine maso anga anali pa injiniyo. Penti yake inali yaiwisi, yopakidwa mpaka pa mabawuti. Ndipo sanaiyatse. Anati mafuta anaiwala, nakwera sitima tsiku lomwelo.

M'mudzimo munali mabanja awiri okhala ndi maboti, la kumtunda ndi la kumchenga. Aliwonse ankati anzawowo akaisunga aziphera usipa. Anakangana mpaka mkulu wina anandiloza.

"Isungidwe kwa amadamu. Alibe m'bale kuno, boti alibenso."

Basi injini inaima kuseri kwa chitseko changa, yofunditsidwa chiguduli. Alendo anayamba kundichulukira. Wakumtunda ankabwera kudzapereka moni, maso ali kuchitseko. Akangochoka, wakumchenga ankatulukira kudzafunsa kuti uja amafunanji. Nanenso ndinayamba kuwakayikira onse. Pobwera kusukulu ndinkayang'ana kaye mapazi pakhomo ndisanalowe.

Ndinauza ahedi kuti tiiyese pamadzi tione ngati imalira.

"Pa boti la yani?" anandifunsa. "Amadamu, mlendo uja ananena zoona. Vuto ndi mitima ya anthu. Mukawapatsa ndege, adzakanganirana mapiko."

"Nanga ikakhala yakufa, ahedi?"

"Mwaonatu, nanunso maganizo omwewo."

Koma ine mumtima sindinagonje.

M'mawa wina mvula itangokata, azimayi anathamangira kwathu. Mpongozi wa banja la kumtunda anali atavutika ndi matenda a uchembere, ndipo anamwino anati apite ku chipatala chachikulu msanga. Amuna anaitulutsa injini, ena anabweretsa petulo. Anaimanga pa boti la kumchenga poti ndilo linali pafupi, palibe anatsutsa. Anakoka chingwe. Zii. Anakokanso mosinthana mpaka thukuta. Wina anatsegula chivundikiro, n'kutukwana m'Chitonga. M'kati munali dzimbiri, zitsulo zina munalibe.

Anaiponya pamchenga, natola nkhafi. Amuna a mabanja onse awiri anakwera, kupalasa dzuwa lonse. Chakumadzulo anakumana ndi boti la matola lomwe linawakoka. Mayiyo anachira, mwananso anakhala moyo.

Ahedi anasangalala kwambiri. "Mwaona? Anthu akakhala ndi mtima umodzi, injini ndi yachiyani?"

Ine ndinali nditaona zikhatho za amuna aja atabwerako, zotupa, zosupuka. Ndinawauza kuti mtima unalipodi, koma nyanja ikanakalipa tsiku limenelo tikanalira maliro awiri. Anati ndimakonda kuona zoipa zokhazokha.

Kenako nkhani inatembenukira kwa ine. Zitsulo zinapita kuti, injini ikugona m'nyumba mwanga? Makaniko wa ku Ruarwe ataiona anati inafa kalekale isanafike kuno, koma ena anati ndamunong'oneza. Amene ankandipatsa nsomba analeka. Ana m'kalasi ankasiya kulankhula ndikalowa. Bambo wobweretsa injini uja anapambana chisankho, ndipo ndinamumva pa wailesi akunenabe zosintha maganizo. Mpaka lero sindidziwa ngati ankadziwa chomwe anatipatsa, kapena nayenso anamupusitsa.

Patapita miyezi, mayi uja anabwera kwathu, mwana ali kumbuyo, chinangwa chili m'manja. Anakhala pamkeka nandipatsa mwanayo kuti ndimunyamule. Tinacheza za mvula, za chifuwa cha mwana. Kenako anandiyang'ana m'maso.

"Amadamu, mundiuze ine ndekha. Munagulitsa?"

"Ayi, ama. Sindinaitsegulepo n'komwe."

"Chabwino," anatero.

Anandiuza kuti Loweruka ndipite kwawo akandiphunzitse kunyika chinangwa. Ndinavomera. Koma pamene ankawerama kuti abereke mwana, ndinamuona akusuzumira pansi pa bedi langa.