Kukatenga bambo aang'ono ku Connemara

Ndinanyamuka ku Zvishavane Lachinayi m'mawa, nditavala jekete yomwe ndimapitira kumaliro ndi kuukwati komwe. Mwana wanga Tendai akufuna kukwatira mtsikana wa ku Mberengwa, ndipo akuchikazi anali atatumiza mawu akuti Loweruka tisabwere tokha. Ankafuna kuona mbale weniweni wa bambo anga, apo ayi nkhani siyamba. Kwa iwo, ife ana a anthu ochokera ku Malawi tilibe kumudzi, tinangomera m'komboni ya mgodi. Mbale amene ndinkamudziwa anali mmodzi yekha, a Laisoni Banda, ang'ono awo a malemu bambo anga a Jailosi, okhala ku Connemara. Foni alibe.

Kombi, minibasi ya ku Gweru, inali madola asanu. Woitanira anthu, amene kuno timamuti hwindi, anandiuza kuti watsala munthu mmodzi kuti inyamuke. Ndinalowa, iye napitiriza kufuula kuti watsala munthu mmodzi.

Potuluka m'tauni tinadutsa milu yotuwa ya zotsalira za asibesitosi. Ndili mwana ndinkayesa ndi mapiri olengedwa ndi Mulungu, mpaka bambo anandiuza kuti ena mwa iwo anaunjika ndi iwowo.

Pa Boterekwa, pamene msewu umazungulira phiri, tinaona maenje a okumba golide m'mphepete monse. Mayi amene ndinakhala naye pafupi, atafungatira mtolo wa zitenje, ankakalipira wina pafoni m'Chichewa chakumudzi. Atamaliza ndinamupatsa moni.

"Iii, ndinu akwathu? Kwanu n'kuti, achimwene?"

"Ku Dowa."

"Dowa yake iti? Mfumu yanu ndani?"

Ndinati sindinafikeko.

"Ndiye ndinu a Dowa ya pamapu," anatero, nandithirira mtedza m'manja. Tinaseka, koma funso lakelo ndi lomwenso linkandidikira ku Mberengwa.

Tinafika ku Gweru chakumasana. Dera lake ndi lathyathyathya, mphepo siyipempha njira. Ndinadya chimanga chootcha ndi mahewu, ndinagula buledi, shuga ndi fodya wamphuno wa akuluwo. Ndinakwera kagalimoto kolowera ku Kwekwe, madola awiri. Mpando wakutsogolo tinagawana awiri, ndipo woyendetsa akafuna kusintha giya ankayamba wapepesa bondo langa.

Ku Connemara ndinatsikira pagolosale. Phokoso la zigayo zophwanya miyala ya golide linkamveka patali. Ndinafunsa mayi wogulitsa tomato za a Banda.

"Banda uti? Wa gule, wa tchalitchi, kapena wogontha?"

Dziko lino lonse, kuyambira m'mafamu mpaka m'migodi, paliponse pali Banda wake. Nditatchula dzina la Laisoni, analoza kanjira kolowera kukomboni yakale ya famu. Anali wa gule.

Ndinawapeza padzuwa akusoka nkhwaira ya tayala. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Edisoni! Mphuno ya Jailosi yeniyeni. Wabwera ndi maliro?"

"Ayi bambo, ukwati."

"Ndiye khala pansi, shuga uyo ndimuone."

Ndinafotokoza zonse, ndi mawu a akuchikazi omwe. Anafwenkha fodya, nayetsemula, naseka mpaka kutsokomola.

"Bambo ako sanakuuze? Ine si Banda. Ndine Mbewe, wa ku Ntcheu."

Ndinayesa sindinamve bwino.

"Tinakumana pa Zambezi, tikudikira bwato. Tonse tinali anyamata, wapansi, tikutsata njira imene ankadzera onse obwera kuno. Titafika pafamu ino, kapitawo anati akulemba munthu mmodzi, pokhapokha ngati tili pachibale. Jailosi anati uyu ndi mng'ono wanga. Basi, ndinalowa Mbewe, ndinatuluka Banda. M'komboni muno munali azibale ambiri obadwira pachipata."

Ndinaganiza za Tendai, ndi ng'ombe za malowolo zimene tinali titapeza kale. Kukanamiza akuchikazi sindikanatha, chifukwa bodza la paukwati limadzaululika pamaliro.

"Ndiye Loweruka ndikanena chiyani, bambo?"

"Ukanena iwe? Pali ine mwana amalankhula? Tamvera. Bambo ako atatupa mapazi kuseri kwa Tete, anawabereka ndani? Atapita kumgodi n'kupeza mayi ako, nkhoswe anali ndani? Ngati ine si m'bale, ndiye kuti ukwati umenewo kunalibe, ndipo iwe ndi jekete yakoyo simunabadwe."

"Akafunsa za magazi?"

"Ndikawauza zonse monga ndakuuzira, m'Chishona chawo chomwe. Kenako ndikawafunsa ngati iwo anamera pansi ngati bowa. A Mberengwawo agogo awo anachokera kwina, a Chindebele anachokera kumwera, azungu anachokera kunyanja. Ife tinangofika mochedwa."

Anaitana mdzukulu wawo wamkazi kuti awatulutsire chipewa. Kenako anandiyang'ana kachiwiri.

"Mudzi wa bambo ako ndikuudziwa. Uli kumunsi kwa phiri, pafupi ndi dambo la misale. Ankautchula usiku uliwonse mpaka ine kutopa. Dzina la mfumu ndikuuza m'galimoto, ukandigulira nyama ku Gweru."

Ndinagona komweko. Lachisanu tinabwerera limodzi. Anakana kukhala kumbuyo, ndipo hwindi atawatcha sekuru, kutanthauza agogo m'Chishona, anamuuza kuti sekuru salipira. Ndinalipira ine. Pa Boterekwa ananditchulira dzina la mfumu, ndipo ndinalibwereza mpaka Zvishavane ngati mwana wa sukulu.

Loweruka a Laisoni analankhula monga analonjezera, osabisa kanthu. Mkulu wa akuchikazi anati munthu amene anabereka mnzake kumsana sangafunsidwenso za magazi. Anatiyalira mphasa.

Ndinapita ku Connemara kukafuna mbale wobadwa naye bambo anga, ndipo ndinapeza kuti kulibe. Amene alipo ali m'nyumba mwanga mpaka lero, akuti abwerera kwawo shuga akatha.