Mabatani Awiri Amene Ndinkabisa

Ntchito ya utayipisiti anandipezera ndi amayi ena a kwathu ku Chilomoni, anzawo a mayi anga a kutchalitchi. Iwowo anali atakhalitsa pa kampani ina yogulitsa malata, misomali ndi simenti m'tauni, ndipo ndi iwo amene anandiphunzitsa kuika zala pa taipi. Amuna awo anali atamwalira, moti malipiro awowo ndiwo ankadyetsa adzukulu anayi. M'mawa tinkakwera minibasi imodzi, iwo akundilangiza njira yonse kuti siketi yanga yafupika.

Munali m'zaka zimene matipate anali atangobwera kumene, mitengo ya zinthu ikukwera ngati yapenga. Mitengo ikasintha, tinkayenera kulembera kalata mwini sitolo aliyense amene ankaoda katundu kwathu, aliyense ndi dzina lake ndi keyala yake. Abwana sankafuna zofotokopa. Ankati kasitomala azimva kuti kalatayo walemberedwa iyeyo. Inali ntchito ya masiku atatu, anthu awiri.

Kenako kunabwera kompyuta. Amayi aja anangoiyang'ana kamodzi n'kunena kuti maso awo sangalimbane ndi kanema, ndiye inagwera ine. Inetu ndine wosakhazikika, chinthu ndikachiona ndimafuna nditachitokosa basi. Pa nkhomaliro ndinkawerenga chibuku chimene chinabwera nayo, uku ndikutafuna chimanga chootcha. M'menemo ndinapeza zoti kompyuta ungathe kuiphunzitsa: uionetse kamodzi zochita, iyo isunge, tsiku lina ungodina mabatani awiri izibwereza yokha. Bukulo linkazitcha makuro.

Ndinalowetsa mayina ndi makeyala onse m'fayilo imodzi, kalatayo m'fayilo ina, n'kuyamba kuiphunzitsa kuphatikiza. Masabata awiri inandivutitsa, ikuika dzina la wa ku Bangwe pa keyala ya wa ku Ndirande. Tsiku limene zinatheka ndinaona makalata akudzilemba okha pa sikirini, ina pambuyo pa inzake, manja anga ali pamiyendo. Ndinasangalala mphindi zochepa chabe. Nditacheuka n'kuona amayi aja ataweramira taipi yawo, magalasi ali pamphuno, mtima unangoti myuu. Nthawi imeneyo makampani ambiri ankachepetsa antchito. Abwana akanadziwa kuti ntchito ya masiku atatu ikutha pa ola limodzi, wochoka akanakhala ndani? Si ine ayi.

Ndiye ndinabisa. Pakati pa ofesi yathu ndi ya abwana panali thabwa lopyapyala, ndipo iwo ntchito ankaiyeza ndi khutu. Kukamamveka kugogoda ndiye kuti anthu akugwira ntchito, kukangoti zii ankatulukira. Choncho ndinkatapa makalata ambiri pa mulu wa amayi kuti zala zawo zipumeko, n'kuwamaliza m'mawa momwemo, koma pa printa ndinkawatulutsa pang'onopang'ono, asanu asanu. Nthawi yotsalayo ndinkalemba nyimbo za kutchalitchi, kulemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta, kuti phokoso lisathe. Disiki ya makuroyo ndinkaikulunga m'mpango n'kuyenda nayo m'chikwama.

Ndisaname, ndinkaopa. Chitseko chikangolira, thukuta kumsana. Ndinaonda mpaka mayi anga anandiitanira kuchipinda kukandifunsa ngati pali mnyamata amene wandilakwira. Ndinkadziona ngati wakuba, chonsecho palibe chimene ndinaba.

Zinaululika tsiku lina Lachisanu. Mitengo inali itasinthanso, ndipo chifukwa abwana anachedwa kutipatsa mitengo yatsopano, makalata onse ankayenera kufika kupositi tsiku lomwelo isanakwane folo koloko. Mwatsoka magetsi anazima m'mawa. Kompyuta yanga inangokhala ngati bokosi, ine n'kumapinda maenvulopu. Amayi aja anagogoda taipi yawo osadzuka, osadya, zala mpaka kutupa, koma pofika masana mulu wotsala unali waukulube. Abwana analowa katatu. Kachitatuko anawakalipira amayiwo pamaso panga, munthu wamkulu ngati ameneyo, kuti akalamba, ndipo makalata akapanda kupita lero asadzavutike n'kubwera Lolemba.

Magetsi anayaka cha m'ma 3 koloko, abwana ataima pomwepo. Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana amayi. Ndikabisa, achotsedwa lero. Ndikaonetsa, achotsedwa mawa. Ndinamasula mpango uja, ndinalowetsa disiki, ndinadina mabatani awiri aja. Printa inayamba kulira osapuma, ine nditangokhala.

Abwana anatola kalata imodzi, anatolanso ina, n'kuona kuti iliyonse ili ndi dzina lake. Anandifunsa kuti zimenezi ndazidziwa liti. Ndinanama kuti dzulo. Anandiyamikira kwambiri, ati ndine mtsikana wanzeru, ndipo m'moyo mwanga sindinamvepo chiyamikiro chowawa ngati chimenecho. Makalata anafika kupositi nthawi yabwino.

Madzulo mu minibasi ndinalephera kuwayang'ana amayi aja kumaso. Titatsika, tikukwera kamtunda kopita kwathu, ndinayamba kupepesa kuti ndinawabisira. Anandidula.

“Ndinkadziwa, mwana wanga. Zaka zonsezi ndisadziwe kulira kwa kalata? Zala zako zinkaimba nyimbo, ine n'kumatsatira chamumtima.”

Ndinalira pamsewu pomwepo, anthu ogulitsa makala akundiyang'ana.

Mwezi usanathe abwana anandiitana. Anati kampani ikufuna tayipisiti mmodzi, ndipo ndikonze kalata yowapumitsa amayi aja, popeza makalata onse tsopano ankatuluka kwa ine. Ndinabwerera pampando ndi kapepala kamene anandipatsa, n'kukhala ndikuyang'ana sikirini. Paja thabwa lija linali lopyapyala, amayi anali atamva zonse. Anadzuka, anandilanda kapepala ka abwana m'manja, n'kulowetsa pepala loyera mu taipi yawo.

“Iyi yokha ndilemba ndekha,” anatero. “Ndisachoke muno ndi kalata ya mabatani awiri.”

Anailemba mosathamanga, osalakwitsa ngakhale chilembo chimodzi, n'kukaipereka okha kuti abwana asayine. Lolemba lotsatira ndinakwera minibasi ndekha. Muofesi munali zii tsiku lonse, ndipo abwana sanatulukire ngakhale kamodzi kudzafunsa chifukwa chake.