Dzanja Limene Linanditsitsira Moto

Ena mudzati ndi maloto a mkazi wamasiye, koma ndikunenetsa, ndinali maso, dzuwa lili paliwombo, ndipo mowa sindinaulawepo chibadwire.

Malemu amuna anga ankakulunga mamota a zigayo ndi a mapampu kuno ku Chintheche, ine ndikuwagwirira mawaya. Nsonga za kopa ankazilumikiza ndi makina owotcherera ndi kakala ka m'batire la tochi, ndipo ankandiuza kuti moto ukachepa mfundo imamasuka mota ili pa ntchito, ukachuluka waya amasungunuka n'kuduka. Iwo manambala a pa chokwezera moto sankayang'ana ayi, ankangomvetsera kulira kwa makinawo.

Atamwalira ndinapitiriza ntchitoyo, nanga ndikanatani? Tsiku lina mvula itangokata, pansi pali chinyontho, ndinkalumikiza mota ya chigayo cha ku Kande, mwini wake atandidandaulira kuti azimayi atha masiku atatu chinangwa chili m'malichero. Pofuna kufulumira ndinakweza moto. Nditangowerama kuti ndiyambe, ndinamva kulira kwa makina kwatsika, kuyang'ana, chokwezera moto chabwerera pansi. Ndinakwezanso, ndikuganiza kuti mwina ndinaiwala. Apa m'pamene dzanja linandigwira pamkono, dzanja lokhakhala, la chala chachikulu chopindika chimene ndinachidziwa zaka makumi awiri, kenako swichi ya pakhoma inazima yokha, makina zii.

Ndinathawa ndikukuwa mpaka kumsewu. Mlamu wanga, yemwe ndi wamagetsi, atatsegula makinawo anapeza kuti makoswe anatafuna chingwe cha mkati, ndipo anati ndikanangogwira chogwirira kakala kaja, mapazi ali pachinyontho paja opanda nsapato, bwenzi pakhomo pali maliro achiwiri. Za dzanjalo anati anali magetsi ankandinyerenyesa. Kodi magetsi ali ndi chala chopindika?

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti ndinathawa. Munthu kuchokera kutali konseko, ine osawafunsa n'komwe ngati ali bwino, osawauza kuti mwana wathu wamkazi anakwatiwa. Kangapo konse ndakwezapo moto dala, mkono nditautambasula, kudikira, koma ndimangowononga waya.

Ndimakhulupirira kuti anawalola ulendo umodzi wokha. Inu owotcherera, onani zingwe zanu, valani nsapato, musamakweze moto chifukwa cha changu, pakuti si nonse muli ndi wokugwirani mkono. Koma wanu akadzabwera, musadzathawe ngati ine. Mudzaime kaye, muwapatse moni.