Haibulidi wa Mwayiwathu

Mwayiwathu Chikakuda ndi mnansi wanga kuno ku Whitmore Reans, mumzinda wa Wolverhampton, ndipo ndi munthu woti ukamupatsa moni amayankha basi itadutsa kale. Si mwano ayi. Maganizo ake amakhala ali kutali, akuzungulira bwalo la mpikisano limodzi ndi galimoto zimene zimathamanga tsiku lathunthu osapuma, madalaivala akungolandirana.

Anakulira m'chigayo cha bambo ake, a Everton, ku Mponela. Injini ya dizilo ya m'chigayomo inkalira mpaka malata kunjenjemera, ndipo inawadya makutu a Everton pang'onopang'ono, mpaka anagontha Mwayi asanathe pulayimale. Kuyambira pamenepo bambo ndi mwana ankalankhulana ndi manja basi. Ali ku sekondale, Mwayi anaona pa kanema galimoto yampikisano ya dizilo, yafulati ngati nsikidzi, ikudutsa mwaliwiro koma mongonong'ona. Dizilo wonong'ona! Malotowo ndi amene anamufikitsa ku yunivesite ku Birmingham. Tsoka ilo, pomwe ankamaliza maphunziro n'kuti galimoto za dizilo zitachoka m'mipikisano ija. Anapeza ntchito pa galaja ina kunja kwa Wolverhampton, yosamalira galimoto zakale zampikisano za anthu olemera.

Chimene chinkamudya mtima n'choti bambo ake sankaiwerengera ntchitoyo. Atawalembera pa foni kuti akugwira za haibulidi, mkuluyo anayankha kuti ndiye sukulu yonse ija yathera ku chimanga chofumbwa msanga, chosati n'kusinja. Mwayi analongosola kuti haibulidi wake ndi galimoto yoyendera dizilo ndi magetsi omwe. Mkati muli fulayiwilo, gudumu ngati la pachigayo lija koma laling'ono. Dalaivala akaponda buleki, mphamvu imene ikanatayika imakazunguza gudumulo, ndipo akatuluka pakona gudumulo limaibweza ku mateyala akutsogolo. A Everton anangoti injini yosalira ndi yakufa. Ndinkamumvera chisoni mnzangayo, ngakhale nkhani ya chimangayo ndinaiseka mpaka misozi.

Chaka chatha a Everton anabwera kudzaona mdzukulu. Mwayi anapempha bwana wake, James, kuti mkuluyo akaonerere tsiku loyesa galimoto, ndipo ine ndinawaperekeza. Galimotoyo anaimangirira pa makina oyesera, pomwe mateyala amazungulira iyo ili pamalo amodzi. Analiza injini. Inkangopuma ngati mwana wagona, ndipo buleki ikapondedwa, kamluzu kakang'ono kankakwera m'mwamba n'kuzimirira. Mwayi anatsinzina, nkhope ili ngwee. A Everton anadikira, manja kumbuyo, kenako anafunsa ngati mafuta athamo.

Mwayi anagwa nkhope. Anali atayembekezera tsikuli kuyambira ali mnyamata, koma anaiwala chinthu chimodzi, choti kunong'ona n'kwa anthu akumva.

Mkuluyo anaona nkhope ya mwana wake. Anayang'ana uku ndi uku, natola sikuludiraiva yaitali pa tebulo. Amakaniko akwathu amamvera injini motero, nsonga pa chitsulo, chigwiriro pa fupa la kuseri kwa khutu. James anakayika pang'ono, kenako anawalozera malo abwino ogunditsa. Buleki inapondedwa. Maso a Everton anatseguka pang'onopang'ono, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali, mutu uli pambali, ngati munthu amene akumva nyimbo ya kumudzi wina kutsidya la dambo.

"Ikuimba," anatero. "Ikamaima imasunga, ikamanyamuka imabweza. Haibulidi uyu ngwa m'nkhokwe."

Ndinkayesa nkhani yathera pomwepo. Koma mkuluyo anaika pansi sikuludiraiva ija, nakoka mwana wake pa malaya, n'kutsamiritsa fupa lija la kuseri kwa khutu pachifuwa cha mwanayo.

"Tayankhula, mwanawe."

Mwayi, munthu wa madigiri, anangoti, "Mwaswera bwanji, bambo?"

A Everton sanachotse mutu. Injini inali itazima kale.

"Mawu akowa anakula liti? Ine ndinawasiya ali a mwana."