Timapepala ta Lamulungu

Mwana wanga wotsiriza, mtsikana, anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamene koleji ina ya kutsidya kwa nyanja inamufuna chifukwa cha liwiro lake. Ankathamanga mpikisano wozungulira bwalo kawiri. Mphunzitsi wake wa masewera anatumiza mavidiyo, kochi wa kolejiyo anayamba kumuimbira foni, kenaka inabwera kalata pa imelo: maphunziro, pogona ndi chakudya, zonse zaulere, bola azithamangira sukuluyo. Popeza anali akadali mwana pamaso pa malamulo, pansi pa kalatayo pankafunika dzanja langa.

Ndinakaisindikiza pa kashopu kena ku Hor Al Anz kuno ku Dubai, makope awiri, n'kuiwerenga pensulo ili m'manja. Inati yankho lifike mwezi wotsatira usanathe. Ndinajambula mzere kunsi kwa mawu amenewo.

Ine sinditaya pepala. Pamene ndinkabwera ku Dubai, munthu amene anandipezera ntchito anandiuza pakamwa kuti ndikakhala kalaliki. Nditafika ndinapeza kuti zimene ndinasayina mothamanga zinkanena zokolopa. Ndinakolopa zaka zinayi ndisanakwezedwe kukhala wosunga katundu m'sitolo ya hotela. Kuyambira pamenepo ndimakhulupirira cholembedwa basi. Ndili ndi chikwatu chabuluu chimene ndinagula ku Deira, ndipo muli chilichonse: mgwirizano woyamba uja, makadi a katemera a ana, malipoti a sukulu, ngakhale tikiti ya abra, kabwato kowolotsa anthu, kamene ndinakwera ndi amayi a mwanayu tsiku limene anafika.

M'chikwatu momwemo munalinso kalata ya kuntchito yondiuza kuti chifukwa cha ukalamba, mgwirizano wanga ukatha sadzauwonjezera. Viza ya mwanayo inali pansi pa yanga. Amayi ake ankalera ana a eni kunyumba ina, ankagona komweko, ndipo sakanatha kumusunga. Choncho chaka chimenecho ankayenera kupeza poima payekha. Njira zinali ziwiri: koleji yakutali ija, kapena kakoleji ka konkuno kophunzitsa za mahotela, komwe kunalibe bwalo ngakhale lamchenga.

Mwanayo sanakhazikike. Lolemba ankadzuka m'bandakucha kukathamanga dzuwa lisanapse, n'kubwera akunena za bwalo lofiira limene anaona pa vidiyo. Pofika Lachitatu ankati kumeneko kumazizira, ndipo mwendo ukathyoka adzamutaya ngati nsapato yakutha. Lachisanu mnzake wa m'kalasi ankamunyengerera kuti alembetse limodzi za mahotela. Kutchalitchi amayi ena anamuuza kuti mtsikana wothamanga kwambiri amauma m'chiuno, ndipo anabwera akulira. Tsiku lina anagula juzi lokhuthala ku Deira, m'dziko lotentha ngati lino, mawa lake n'kukalibweza.

Zimenezi zinanditopetsa. Ndinamuuza kuti sindingaike dzina langa pa maganizo osintha ngati mphepo. Ndinakhazikitsa lamulo: Lamulungu lililonse, amayi ake akabwera tikaweruka kutchalitchi, azilemba chosankha chake pa kapepala, asayine, ndipo ine ndizisunga. Akalemba zofanana Malamulungu awiri otsatizana, ndidzasayina. Amayi ake anaseka, amvekere, "Abambo, mwanayu si katoni ya sopo ya m'sitolo mwanu." Ndinawayankha kuti katoni ya sopo sinasowepo m'manja mwanga.

Timapepala timeneto ndili nato m'maso ngakhale tsopano. Koyamba: ndikupita. Kachiwiri: sindipita, amayi mawondo akuwavuta. Kachitatu: ndikupita, ndipo anajambulapo kansapato. Kachinayi: sindipita. Kachisanu kanangoti, sindikudziwa, ndisiyeni. Kachisanu ndi chimodzi: ndikupita.

Sabata imeneyo, Lachinayi madzulo, ndinamupeza atakhala pa masitepe a nyumba yathu, yunifolomu asanavule. Anati kochi uja waimba. Kuli mtsikana wina wa dziko lina amenenso akumufuna, malo ndi amodzi, ndipo amene atumize kalata yosayina poyamba ndiye atenge. Anandipatsa kapepala kamene anang'amba m'kope lake la masamu. Kanati: Ndikupita. Sindisinthanso. Chonde sayinani lero.

Ndinamufunsa ngati kochiyo analemba zimenezo penapake. Anati ayi, anangonena pa foni. Ndinatulutsa kalata ija n'kumuonetsa mzere wanga wa pensulo. Mwezi unali usanathe, panali patatsala masiku ambiri. Ndinamuuza kuti anthu ofuna kukuthamangitsa kusayina ndimawadziwa bwino, amayamba ndi mawu akuti pali wina akudikira. Ndinamukumbutsa za zaka zanga zinayi ndi chokolopera.

"Adadi, si ajenti wanu uja ameneyu," anatero.

"Onse amalankhula chimodzimodzi. Lero ndi Lachinayi. Lamulo ndi Lamulungu."

"Masiku atatu okha, mukuopa chiyani?"

"Ngati ndi atatu okha, iwenso ukuopa chiyani?"

Anatulutsa foni yake. Anaimbira amayi ake, ndipo iwo anandiimbira ali m'bafa ya kunyumba ya mabwana awo, akunong'ona, madzi akutuluka pampopi kuti asamveke. Anandichonderera kuti ndisayine, khalas, basi, nkhani ithe. Ndinawauza kuti mwana amene wasintha maganizo kasanu sangandilamule ndi kapepala ka m'kope la masamu. Kapepalako ndinakalemba tsiku pakona n'kukaika m'chikwatu pamodzi ndi tinzake.

Lamulungu linafika. Mwanayo anakana kulembanso, anati ka Lachinayi kaja kakwanira. Ndinavomera. Ndinasayina ndi cholembera changa chabwino, masamba onse, tinapita atatu pa kashopu kaja, ndipo kalata inatumizidwa ine ndikuona. Ndinapempha risiti. Pobwerera tinagula tiyi wa mkaka m'timakapu tapepala, amayi ake akumufunsa ngati juzi lija likadalipo m'sitolo.

Yankho linabwera Lachiwiri. Linali la mizere inayi. Malo anapatsidwa kwa wina Lachisanu. Anamufunira zabwino zonse.

Ndinalemba makalata atatu odandaula. Ndinatchula tsamba, ndime ndi tsiku limene iwo eni analemba. Ndinawafunsa kuti ngati tsiku lolembedwa pa kalata ya sukulu silitanthauza kanthu, ankalilemberanji. Mpaka lero ndimati anachita zosayenera. Sukulu yonse, ya nyumba zosanja ndi maloya ake, kuyendetsa tsogolo la mwana wa munthu ndi mawu a pa foni, n'kuika atsikana awiri pa mpikisano wa amene bambo ake afulumire kugwira cholembera. Anayankha kamodzi kokha. Anandilozera ku tsamba lachiwiri, kumene kunali mawu ang'onoang'ono akuti zonsezi zidzatheka malo akakhala kuti akadalipo. Ndinatsegula kope langa. Pambali pa mawuwo panali kachizindikiro kanga ka pensulo, kosonyeza kuti ndinawawerenga.

Kakoleji ka za mahotela kanamulandira, koma popanda thandizo lililonse, ndipo ine ntchito inali ikutha. Sanapiteko. Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, bwana wanga wakale anamupezera ntchito yolandira alendo pa hotela ina, ndipo viza yake inachokera kumeneko. Tsopano amakhala ku International City, m'chipinda chimodzi ndi atsikana ena asanu. Basi yake imanyamuka m'bandakucha, nthawi imene ankapita kothamanga. Amaima tsiku lonse pa nsapato zazitali. Zothamangira zija anapatsa mwana wa mayi wina wa kutchalitchi. Amayi ake sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Anangosiya kundiuza zinthu zokhudza mwanayo, ndipo ndimazimva kwa anthu ena.

Sabata yatha anabwera kudzandithandiza kulongedza, chifukwa ndikubwerera kwathu. Titafika pa chikwatu chabuluu, ndinatulutsa timapepala tija n'kutiyala pabedi motsatana. Ndinkafuna aone yekha kuti sindinachite misala, kuti munthu aliyense woona ndikupita, sindipita, ndikupita, sindipita akanadikira ngati ine. Ndinayamba kumufotokozera kuyambira koyamba.

Anandisiya ndimalize. Wanenepa pang'ono kumaso, ndipo masiku ano amalankhula mofatsa ngati mmene amalankhulira ndi alendo. Anatola timapepala ta Lamulungu tonse tisanu ndi kamodzi, n'kutipinda, n'kutiika m'thumba la jekete la kuntchito. Ka Lachinayi anakasiya pabedi.

"Iti ndi tanga," anatero. "Ako ndi kanu, Adadi. Mukasunge."

Kenaka anayang'ana foni, anati basi yake yatsala pang'ono, n'kundifunsa ngati zofunda zilowe m'sutikesi yaikulu kapena m'katoni. Ndinati m'katoni. Atapita ndinakhala kanthawi ndikuganiza kuti kapepalako kapite gawo liti, chifukwa m'chikwatu changa chilichonse chili ndi malo ake, ndipo gawo la mwanayo ndinali nditamupatsa kale lonse. Ndinakaika kumbuyo kwa mgwirizano wanga woyamba uja.